Nsalu ya Amayi pa Bondo la Ababa

M'chikwama chomwe ndimapita nacho kuntchito muli mabandeji, sizasi, mafuta otikitira minofu ndi karula kopindika koyezera mawondo ndi zigongono. Pansi penipeni pamakhala chitenje chakale chobiriwira, cha maluwa omwe anafwifwa kalekale moti sungadziwe ngati anali achikasu kapena oyera. Anzanga akachiona amandiseka, amati ndimayenda nacho podikira maliro odzidzimutsa. Ine ndimangowasiya aseke, chifukwa nkhani yake ndi yaitali ndipo imayambira kwathu ku Ngabu.

Ababa anga ndi akabaza. Anayamba kupalasa njinga pa Ngabu ine ndisanamere mano, ndipo palibe chimene njinga imeneyo sinanyamulepo: aphunzitsi ochedwa kusukulu, amayi apakati opita kusikelo, matumba a thonje otalika kuposa mwini njinga, mbuzi zomangidwa miyendo zikulira njira yonse. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa akatumba olimba ngati nsichi. Kwawo ndi kwa Mbenje, kumunsi ku Nsanje. Tsiku lonse amalankhula Chimang'anja monga tonsefe, koma akafuna kukana chinthu kotheratu amabwerera ku Chisena chakwawo, n'kungoti, "Nkhabe." Akatero nkhani yatha, ngakhale utakatenga abusa kuti adzawanyengerere.

Amayi ndiye osiyana nawo kutalitali. Akasowa munthu wocheza naye amacheza ndi nkhuku. Kumudzi kwathu ankadziwika ndi kuthowa. Munthu akabinya phazi kumunda, kapena akagwa pangolo n'kutupa phewa, ankabwera naye kwathu. Amayi ankatereka madzi, kuviikamo kansalu, kufinya, n'kumadinda pamalo potupapo uku akumukalipira wodwalayo chifukwa choyenda ngati alibe maso. Anthu ankachoka akutsimphinabe koma akuseka.

Nditasankhidwa kupita kuyunivesite, amayi anali akupeta mapira pakhonde.

"Ndiye ukakhala dokotala?" anandifunsa.

"Ayi, amayi."

"Nesi?"

"Ayinso. Ndikaphunzira zothandiza anthu ovulala pamasewera. Wina akabinya bondo, kapena minofu ikakokeka, kapena akamuchotsa chikhakha atathyoka, ineyo ndizimuthandiza kuti chiwalocho chiyambenso kugwira ntchito."

Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Kuthowa?"

"Si kuthowa ayi, amayi. Ndi maphunziro a zaka zinayi."

"Zaka zinayi kuphunzira kuthowa? Inetu ndinaphunzira tsiku limodzi, azakhali ako atagwa mumtengo wa mango."

Ababa anangopitiriza kupukuta njinga yawo. Koma mawa lake siteji yonse ya akabaza inali itamva kuti mwana wawo akukakhala dokotala wa mpira, ndipo dzina limeneli linandimatirira mpaka lero.

Kuyunivesite, kumtunda kuja, ndinakumana ndi zinthu ziwiri zomwe sindinazikonzekere. Choyamba chinali kuzizira. Mwana wa kuchigwa ine ndinkavala majuzi awiri anzanga akuyenda ndi malaya okha. Chachiwiri chinali kugwira anthu. Ndinkaganiza kuti tizingowerenga mabuku ndi kuloweza maina a mafupa, ndipo maina amenewo ndinawalowezadi, ovuta ngati munthu akukutukwana m'chinenero chachilendo. Koma sabata yachitatu anatiuza kuti tibwere titavala makabudula, n'kutiika awiriawiri. Ine anandipatsa mnyamata wina wamtali, n'kundiuza kuti ndipeze ndi zala zanga pomwe fupa la m'chiuno mwake lathera. Ine amene ndinakula ndikugwada popereka madzi akumwa! Ndinangoima pomwepo osamugwira.

Mphunzitsi wathu anali mayi wamfupi, wa manja amphamvu ngati woumba njerwa. Anaima pambali panga n'kunena motsitsa mawu kuti ena asamve: "Pantchito ino maso ako ndi zala zako. Ukamaopa kugwira, ndiye kuti ukugwira ntchito utatsinzina." Anatenga dzanja langa n'kuliika pafupapo. Pomatha chaka ndinali nditazolowera. Mwendo wa munthu unangosanduka mwendo basi, wa mwamuna kapena wa mkazi, wa wosewera mpira kapena wa wothamanga.

Patchuthi choyamba ndinabwera kumudzi mutu utakula. Ndinapeza amayi akuthowa phazi la mayi wina amene anali atangobinya m'mawa womwewo, ndipo ndinawadzudzula pamaso pa wodwalayo. Ndinati chotupa chatsopano sichifuna madzi otentha, chimafuna chozizira. Amayi anandifunsa kuti chozizira ndichipeza kuti ku Ngabu mwezi wa Okutobala. Loweruka lotsatira kunali ntchemberembaye pabwalo la kusukulu, mtsikana wina n'kubinya kakolo. Ndinathamangira kwa mayi wogulitsa mafirizesi, n'kukamanga mafirizesi atatu pakakolo paja ndi mpango wanga. Bwalo lonse linafa nazo kuseka. Atasungunuka, mtsikanayo anaboola mapepala aja ndi mano n'kumwa onse atatu. Amayi atamva anati, "Mankhwala ako ndi okomadi. Anga sanamwepo munthu."

Kusukulu tikakhala pansi tinkakonda kulota za ntchito. Wina ankafuna kukakhala ku timu yaikulu ya mpira, wina kumalo olimbitsira thupi a anthu olemera, wina kuchipatala, wina kukaphunzitsa. Ine ndinkadziona ndikuthamanga kulowa m'bwalo lodzaza anthu, chikwama m'manja, ababa akumvera pawailesi pasiteji paja. Za mudzi wathu sizinkalowamo m'malotowo.

Ndili chaka chachitatu, nyengo yogulitsa thonje, ababa anagwa. Anali atanyamula thumba lalikulu, akutsika kamtsinje kouma komwe kali panjira ya kwathu. Tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga, thumba linawakankha, ndipo bondo lakumanja linakamenya mwala. Kafupa kozungulira kapamwamba pa bondo kaja kanang'aluka. Kuchipatala anawaika chikhakha kuchokera m'ntchafu mpaka kukakolo. Ine sanandiuze. Amayi anati ndikanasokonezeka mutu pamayeso, ndipo mwina sananame. Ndinamva nkhaniyi pafoni nditalemba pepala lomaliza, chikhakha atachotsa kale masabata awiri apitawo.

Tsiku lofika, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakwera kabaza wa munthu wina kuchokera pa Ngabu kupita kwathu. Ababa ndinawapeza pakhonde, pamthunzi wa mtengo wa nimu, atakhala pamkeka. Mwendo wakumanja unali utatambasuka, wowongoka ngati munsi. Pafupi nawo panali njinga, ataigoneka chagada matayala kumwamba, yopukutidwa mpaka masipoko akunyezimira. Kuchipatala anali atawauza bwinobwino kuti azilipinda bondolo pang'onopang'ono. Anayesa tsiku limodzi, anamva kuwawa, n'kuganiza kuti fupa lithyokanso. Kuyambira pamenepo ankalisamala ngati dzira, ndipo lokha linkapitiriza kuuma.

Ndinagwada, ndinawalonjera. Kenako, osaganiza n'komwe, ndinakwawa kufika pafupi n'kutambasula dzanja kuti ndigwire bondolo.

"Nkhabe."

Dzanja langa linaima m'malere. Amayi anandigwira pamkono n'kundikokera kuseri kwa nyumba.

"Wapenga iwe? Bondo la bambo ako?"

Sikuti mwambowu sindinkaudziwa. Kuyambira pamene ndinatha msinkhu, kuchipinda kwa ababa sindinalowekonso. Pamkeka umodzi sitinkakhalirana. Mwana wamkazi akakula, thupi la bambo ake saligwira, kupatula dzanja popereka moni. Palibe amene anandiuzapo kuti ndi nkhanza, ndipo inenso sindinkaona choncho. Unali ulemu basi, ngati kugwada. Koma zaka zitatu zogwira miyendo ya anthu osawadziwa zinali zitandiiwalitsa kuti mwendo uwu unali wa ndani.

M'malo mopepesa, mtima wanga wapachala unandipitirira. Ndinalankhula mokweza: "Kusukulu ndagwira miyendo ya amuna osawerengeka, ntchafu zomwe, ndiye bondo limodzi ili lavuta chiyani?"

Amayi anagwira pakamwa. Nyumba yathu ndi yaing'ono, ndipo kuseri ndi kukhonde n'kufupi. Titabwerera tinapeza ababa atatembenuka, akuyang'ana njinga yawo. Masiku awiri sanandilankhule kupatula kuyankha moni. Ndinachita manyazi oopsa, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinkadziwa kuti munthu ameneyu wakhala akundinyadira pasiteji zaka zitatu, osadziwa kuti udokotala wa mpirawo ndi wotani.

Tsiku lachitatu ndinagwada chapatali n'kupepesa kudzera mwa amayi. Ababa anati kwa amayi, "Tamufunsani mwanayu. Kusukuluko akamagwira miyendo ya anthuyo, aphunzitsi amakhalapo?"

"Amakhalapo, baba," ndinayankha ndekha. "Amaperekanso malikisi."

Anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono kudzera m'mphuno. Ndinadziwa kuti andikhululukira, koma osati kuti asintha maganizo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti bondo louma silidikira. Likakhala miyezi losapindidwa, minofu imafupika, zamkati zimamatirirana, ndipo likhoza kukhala choncho mpaka kalekale. Munthu angathe kuyenda nalo motsimphina, koma sangapalase njinga. Ine ndinali ndi masabata asanu okha a tchuthi. Ndipo amayi anandinong'oneza kuti ababa anali atatumiza kale uthenga kwa Mbenje: ine ndikamabwerera kusukulu bondo lisanapinde, mwana wa achimwene awo adzatenge njingayo. "Akuti sangamaione itagona chagada ngati chinthu chakufa," anatero amayi.

Tinagwirizana kuti manja akhale a amayi, ine ndizingolankhula. M'mawa uliwonse dzuwa lisanayambe kuwotcha, ababa ankagona chagada pakhonde atavala kabudula wawo wautali, amayi atagwada pambali, ine nditaima chapatali ngati kapitawo. Chilichonse ndinkayamba ndachita pamwendo wa amayi kuseri, kenako iwo n'kukachita pa wa ababa. Ntchito yaikulu inali kukoka chidendene pansi pang'onopang'ono kuti bondo likwere m'mwamba. Karula kanga kopindika sikakanagwira ntchito popanda kukhudza mwendo, ndiye ndinatenga khala. Ababa ankagona mutu utagunda khoma, malo amodzi tsiku lililonse, ndipo pomwe chidendene chafika amayi ankalembapo mzere. Ine ndinayerekeza ndi mwendo wabwino uja n'kulemba mzere wina waukulu, wakuda bii, chakumtunda. Ndinawauza kuti chidendene chikadzafika pamenepo, adzatha kupalasa.

M'mawa woyamba amayi anabwera ndi beseni la madzi otentha ndi kansalu kawo. Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndiwaletse, koma ndinakumbukira zomwe ndinaphunzira: chozizira n'cha chotupa chatsopano, pomwe chiwalo chouma chimafewa ndi kutentha musanayambe kuchipinda.

"Thowani, amayi," ndinatero motsitsa mawu.

"Wati chiyani? Sindinamve."

"Ndati thowani. Zimathandiza."

"Abambo ake, mwamva? Zaka zitatu, wafika pomwe ndinayambira ine."

Masabata awiri oyamba zinayenda. Mizere ya makala inkakwera tsiku ndi tsiku, nthawi zina chala chimodzi, nthawi zina ziwiri. Ababa sankadandaula. Ankangoluma mano, thukuta likuyenderera m'makutu, akuyang'ana kudenga. Vuto linali amayi. Akangoona nkhope ya ababa yakwinyika, ankasiya.

"Pitirizani pang'ono, amayi. Gwirani pomwepo, ndiwerenga mpaka khumi."

"Iwe ukuwerenga uli uko. Mwamuna wangatu ameneyu."

Munthu yemwe ankakalipira mudzi wonse pothowa, pa ababa manja ankamufewera. Ndinkapsa mtima, koma ndikatembenuka ndinkamwetulira ndekha.

Sabata yachitatu mizere inaima. Tsiku loyamba ndinati ndi kutopa. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi, chidendene chinkafika malo omwewo, mzere umodzi n'kumangonenepa ndi makala. Kufika pamzere waukulu panatsala danga lokwana dzanja langa lonse ndi zala ziwiri. Ababa ankati akafika pamenepo amamva ngati wina waika mwala m'kati mwa bondo.

Ndinaimbira foni mphunzitsi wanga uja, nditaima pachulu pomwe netiweki imagwira bwino.

"Kafupa kapamwambako kakuyenda?" anandifunsa. "Ukakakankha m'mwamba, m'munsi, m'mbali, kakusuntha ngati ka mwendo winawo?"

"Sindinagwire."

"Ndiye ukundifunsa chiyani?"

Ndinamufotokozera. Kenako anati iyenso bambo ake sakanalola, ndipo m'mabuku athu mulibe tsamba la zimenezi. Anangoti kafupako kakamatirira, bondo silingapitirire pomwe lafika, ndipo pakufunika zala zodziwa kuti zimve mbali yomwe kagwira.

Ndinayesa kuwaphunzitsa amayi pabondo langa. Anagwira, anakankha, anati amva. Atapita kwa ababa ndinawafunsa, "Kakuyenda?"

"Kakuyenda."

"Mbali iti?"

"Zonse."

"Chimodzimodzi ndi bondo linalo?"

"Nanga mawondo onsewa si a bambo ako omwewa?"

Ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi n'kukalira. Ndinalira chifukwa cha ukali, chifukwa chinthu chimene ndinkachidziwa bwino chinali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pomwe ndinkaima, ndipo sindikanatha kuchifikira. Ndinaliranso chifukwa madzulo a tsiku limenelo ndinaona ababa akuthira oilo patcheni, dontho limodzilimodzi, n'kumazunguza pedulo ndi dzanja. Uthenga unali utabwera woti mwana wa achimwene awo uja afika Loweruka la sabata yotsatira.

Amayi anandipeza kukholako. Sanandinyengerere. Anangondifunsa kuti, "Chimene ukufunacho n'kuona kapena kumva ndi zala?"

"Kumva ndi zala."

"Khungu lenilenilo?"

"Ayi, fupa. Lili pansi pa khungu."

Anagwedeza mutu n'kubwerera kukapitiriza ntchito zawo.

M'mawa mwake anathowa monga mwa masiku onse. Atamaliza anaimirira, n'kumasula chitenje chapamwamba pa ziwiri zomwe anavala, chobiriwira cha maluwa achikasu. Anachikutumula, anachipinda pawiri, n'kuchiyala pamwendo wa ababa kuchokera m'ntchafu mpaka kukatumba.

"Abambo ake," anatero, "nsalu iyi ndi yanga. Mwanayu ndinamuberekera pomwepa, wakhala akuichapa, akuifunda. Lero agwira nsalu ya amake. Ine ndili pompano."

Ndinkadikira mawu a Chisena aja. Ababa anayang'ana chitenje, anayang'ana amayi, anayang'ana njinga. Kenako anatembenuzira nkhope kumtengo wa nimu n'kuika mkono pamaso. Sanavomere ndi pakamwa, koma sanakanenso.

"Tabwera msanga, madzi akuzizira," anatero amayi.

Ndinagwada pambali pa mkeka, osati pamkekapo. Nsaluyo inali yofunda ndi madzi othowera aja. Choyamba chimene zala zanga zinamva sichinali fupa ayi, koma kuchepa kwa mwendowo. Pamwamba pa bondo, pomwe pamayenera kukhala mnofu wokhuthala, panali pataphwa. Mwendo umenewu ndi womwe unkandipalasa kupita kusukulu ndili wamng'ono, nditakhala pakaliyala miyendo ili lendelende. Ndinadzikumbutsa kuti ndabwera kudzagwira ntchito.

Ndinakapeza kafupa kaja. M'mbali kankasuntha pang'ono. M'mwamba pang'ono. M'munsi, kuloza kuphazi, kanali gwa, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndipo bondo kuti lipinde, kafupako kamayenera kutsetserekera m'munsi momwemo.

"Ndapapeza," ndinatero. Ndinalankhula kwa amayi, popeza ababa anali ngati palibepo. "Bweretsani dzanja."

Ndinaika zala za amayi pamwamba pa kafupako, zanga pamwamba pa zawo, n'kukankhira m'munsi pang'onopang'ono, kugwira, kusiya, kukankhanso. Kenako tinachita chimodzimodzi pabondo labwino lija, nsalu titaisunthira kumeneko.

"Oho!" anatero amayi. "Ili likuthawa, ilo lakana. Bwanji sunanene choncho poyamba?"

Kuyambira tsiku limenelo chitenje chinalowa m'ndondomeko. Amayi ankathowa, kuyala nsalu, ine n'kugwada. Ababa ankayang'ana kumtengo wa nimu nthawi yonseyo, ndipo akamva kuwawa ankauza amayi: "Muuzeni achepetse." Ine ndili pomwepo. Ndinkayankhanso kudzera mwa amayi: "Auzeni apume mpweya wambiri, tatsala pang'ono." Amayi ankangokhala pakati, osanena chilichonse mwa zimenezi, akuthamangitsa ntchentche. Patapita masiku atatu, chidendene chinadutsa mzere wonenepa uja ndi chala chimodzi. Amayi analulutira mpaka anthu oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Loweruka lija, mwana wa achimwene awo a ababa anafikadi kuchokera kwa Mbenje, bambo wa ana atatu, munthu waulemu wake. Anadya, anacheza, kenako anayandikira njinga n'kuyamba kudina matayala ndi chala. Pamzere waukulu panali patatsalabe zala zinayi. Malinga ndi mawu a ababa eni ake, njingayo inayenera kupita. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndikupukuta mbale imodzi yomweyo kosalekeza.

"Ndiye ndiitembenuze, baba?" anafunsa mlendoyo.

Ababa anayang'ana mizere ya makala pakhonde, kuyambira woyamba uja mpaka wa m'mawa umenewo.

"Nkhabe," anatero. "Ibakhala kaye."

Mawu amenewo sanandikomerepo ngati tsiku limenelo.

Ndinabwerera kusukulu patatsala zala zitatu. Ndinawasiyira amayi ndondomeko yonse, ya kafupa, ya chidendene, ndi yolimbitsa mnofu wa ntchafu ponyamula mwendo atamangirira kathumba ka mchenga kukakolo. Ndinawauzanso kuti tsiku loyamba kuyesa njinga akweze chishalo, kuti bondo lisavutike kupinda kwambiri. Ndikaimba foni kufunsa za mzere, amayi ankayamba kundiuza za mbuzi yomwe yabereka, za mvula yomwe yachedwa, za mkazi wa uje amene wathawa. Ndikaumirira ankati, "Udzaona wekha ukabwera." Ndinkagona ndi nkhawa, ndikuganiza kuti akundibisiranso monga anachitira poyamba paja.

Pano ndinamaliza kale maphunziro. Bwalo lodzaza anthu lija sindinalifike, ndipo sindikulisowa. M'kati mwa sabata ndimagwira ntchito pachipatala china kuchigwa konkuno, ndipo Loweruka ndimathamanga ndi chikwama changa m'mabwalo afumbi, kutsatira timu ya mpira ndi ya ntchemberembaye. Mafirizesi ndimagwiritsabe ntchito. Ambiri mwa amene ndimawathandiza si osewera ayi: ndi odula nzimbe, asodzi, akabaza, azibambo a msinkhu wa ababa amene amati akaona kuti wowathandiza ndi mtsikana, amayamba kuyang'ana kukhomo. Pamenepo ndimatulutsa chitenje chija. Amayi anandipatsa tsiku lolandira digiri, atachichapa n'kuchisita, n'kunena kuti, "Tenga chipangizo chako, kusukulu anaiwala kukupatsa."

Koma tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri si la digiri. Ndi la tchuthi chotsatira, miyezi itatu nditasiya zala zitatu zija pakhonde. Mvula inali itayamba, kunja kukununkha dothi. Nditangotsika minibasi pa Ngabu, akabaza anandizungulira monga amachitira, wina akukoka chikwama, wina akuimba belu. Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwawo.

"Musiyeni ameneyo. Ndi kasitomala wanga."

Anzawo anapatuka akuseka. Ababa anabwera akukankha njinga, akutsimphina pang'ono, chishalo chili m'mwamba kuposa kale.

"Kwerani, adokotala," anatero.

Ndinakhala pakhushoni chammbali, dzanja limodzi litagwira chikwama pamiyendo, linalo kachitsulo kogwirira kamene kamakhala kuseri kwa chishalo. Njira yonse sindinaone minda kapena anthu amene ankatipatsa moni. Maso anga anali pabondo lakumanja, likukwera, likutsika, likukweranso. Silinkafanana ndendende ndi linzake, linkapatukira kunja pang'ono likafika pamwamba, koma linkazungulira.

Tinafika pakamtsinje kaja. Mchenga unali utalimba ndi mvula, koma potulukira pake pali kachitunda komwe akabaza ambiri amatsitsa munthu.

"Nditsike, baba?"

"Nkhabe."

Anaimirira pamapedulo. Njinga inapendekera uku ndi uku, tcheni chinalira, ndipo tinakwera mpaka pamwamba. Anakhalanso pachishalo akupumira m'mwamba. Osatembenuka, anandifunsa ine mwini, popanda amayi pakati.

"Waliona?"

"Ndaliona, baba."

"Likupinda?"

"Likupinda."

Anapalasa kanthawi. Kenako anandithokoza m'Chisena chakwawo: "Takhuta, mwananga."

Manja anga onse awiri anali ndi zogwira, moti ndinalibe chopukutira misozi. Inauma yokha ndi mphepo tisanafike pamtengo wa nimu, pomwe amayi anali ataima kale m'njira, akutikalipira kuti tachedwa.